Kapepala ka Kuseri kwa Botolo

Pa 3 Malichi 2003, mayi wina wa zaka 36 adalembedwa ntchito yotsuka mabotolo mu labu ya m'chipinda chapamwamba pa fakitale ina yaing'ono, ndipo kalata imene adalandira tsiku limenelo sidasinthidwepo mpaka lero. Imanenabe kuti iwo ndi wotsuka mabotolo. Koma m'zaka zimene zadutsapo dzina lawo la pachiphaso lidazimirira m'makonde a fakitaleyo, moti aliyense, kuyambira mlonda wa pageti kufikira abwana aakulu, amangowatchula kuti Anamikanda.

Mikanda yake si yovala m'khosi ayi. Ndi timipira ta pulasitiki tochepetsetsa, toti mutandandalika makumi awiri sitingafike pa kunenepa kwa tsitsi limodzi. Zipatala zimatigwiritsa ntchito poyesa makina owerenga maselo a magazi. Amathira m'makinamo timikanda todziwika kale kukula kwake, ndipo makina akapereka yankho lina amadziwa kuti asokonekera ndi makinawo. Choncho lamulo la ntchitoyi ndi limodzi lokha: timikanda tonse tikhale tofanana ngati tobadwa tsiku limodzi.

Kapangidwe kake, pokamba ndi pakamwa, n'kosavuta. M'botolo lagalasi la makosi atatu amathiramo sipiriti, mankhwala onunkha otchedwa sitairini, ufa woletsa timikanda kumatana, ndi kaufa kena koyambitsa ntchito. Amapemereramo mpweya wa naitirojeni kuti uthamangitse mpweya wamba, n'kumiza botololo m'beseni lagalasi la madzi otentha madigiri 70, kotakasira kakuzungulira m'kati mwake. Mu labumo ntchito yonseyi amaitchula kuti kuphika, ndipo botolo lililonse lophikidwa ndi mphika wokhala ndi nambala yake. Poyamba zonse zimaoneka ngati madzi akumwa. Kenaka mumachita kautsi, kenaka chifunga, pomaliza mkaka weniweni. Chifungacho ndiko kubadwa kwa timikanda. Tonse timabadwa m'kanthawi kochepako, ndipo pambuyo pake timangokulira limodzi.

Pamene pagona nkhani ndi pa mankhwala achisanu, amene iwo amawatchula kuti chomangira. Ndi amene amaluka m'kati mwa kamkanda kalikonse ngati ukonde, kuti kasafufume kapena kusungunuka kakakumana ndi mankhwala ena. Mukathira chomangira timikanda tisanathe kubadwa, mumakolola zibuma, tina tokhota, tina tomatana atatuatatu. Mukachedwa nacho, timamangika kunja kokha. Wotchi payokha sithandiza, chifukwa kampweya kotsalira m'botolo kamachedwetsa chiyambi mosiyanasiyana. Lero chifunga chibwera pa mphindi khumi, mawa pa mphindi makumi awiri ndi zisanu.

Pulofesa amene adayambitsa labuyo, yemwe pano adatisiya, adalimbana nazo chaka chathunthu. Amene ankapala zibumazo m'mabotolo ndi burashi mpaka zala kusupuka adali Anamikanda, ndiye adali nacho chifukwa chawochawo chofunira kuti zinthu zitheke. Tsiku lina mu 2006 adang'amba kachidutswa ka nyuzipepala imene idakutira magalasi atsopano, n'kukamata kuseri kwa beseni lija. Adapempha Pulofesa mwaulemu kuti ayeseko kuthira chomangira pa nthawi imene zilembo zing'onozing'ono zaleka kuwerengeka kudzera m'botolo. Pulofesa adaseka mpaka kutsokomola, koma adayesa. Mphika umenewo udatuluka wofanana ngati mazira a nkhuku imodzi, ndipo kuyambira pamenepo mpando wa patsogolo pa beseni udakhala wa Anamikanda.

Kapepalako kakadalipo, kofiirira ndi nthunzi ya zaka zonsezi. Ndi kachilengezo ka munthu wina wogulitsa makina osokera akale, ndipo mzere womaliza, umene Anamikanda amauyang'anitsitsa, umati: Wogula abwere ndi chonyamulira chake. Mnzawo wa mu labumo, bambo wa magalasi okhuthala ngati matako a botolo amene anthu amamutchula kuti a Magalasi, ankakonda kuwafunsa m'mawa uliwonse ngati makina aja adapeza wogula. A Magalasi ndiwo amatsuka sitairini asanalowe m'botolo, ndiponso ndiwo amayeza timikanda pa maikulosikopu tikapsa. Akhala limodzi zaka 17, ndipo amaitanana kuti achimwene ndi achemwali.

Mavuto adayamba mu Meyi 2024. Mphika wa nambala 412 udatuluka ndi timikanda tina tikulutikulu pakati pa tinzake. A Magalasi adaitana Anamikanda kuti adzaone pa kanema wa maikulosikopu, n'kuwauza kuti anawa abambo awo ndi osiyana. Onse adaseka, poti mphika umodzi kulephera si maliro. Koma wa 414 udatuluka chimodzimodzi, ndipo wa 415 udali ndi zibuma zimene Anamikanda adali asanazionenso chichokereni Pulofesa.

Mkulu wa labuyo tsopano ndi mayi wa zaka za m'ma 40, wophunzira kwambiri, wosakweza mawu, amene onse amamutchula kuti Adokotala. Iwo adayamba kufufuza mwadongosolo monga adaphunzirira. Adasintha silinda ya naitirojeni. Adaitanitsa sipiriti wina. Adayeza kutentha kwa beseni ndi zoyezera zitatu zosiyana. Kampani imene imagula timikandato n'kumatithira m'timabotolo ta zipatala idabweza miphika iwiri, n'kulemba kuti idikira mpaka kumapeto kwa Ogasiti, kupitirira apo ikafuna kwina. Pa zonse zimene Adokotala adazikayikira, kapepala ka kuseri kwa beseni sikadali m'gulumo. Kadali katagwira ntchito zaka 18 osanama, ndipo munthu sakayikira khoma limene wakhala akulitsamira.

Anamikanda adadziwa zoona zake Lachiwiri lina m'mawa kumayambiriro kwa Julayi. Adali atakonza botolo, madzi a m'beseni asanatenthe n'komwe, m'botolomo muli mwangwiro ngati madzi a pampopi. Adawerama kuti aone ngati kapepala kakhala bwino, n'kupeza kuti mzere womaliza uja wayamba kale kuchita chimbuuzi. Adapukuta galasi la beseni. Adavula magalasi awo owerengera n'kuwapukuta ndi mphepete mwa gawuni. Palibe chidasintha. Kenaka adatseka diso lamanja ndi chikhatho, ndipo kapepala konse kadangokhala kachigamba kotuwa. Atatseka lamanzere zilembo zidabwerera, koma zofooka ngati zolembedwa ndi pensulo yonyowa.

Adakhala pansi pang'onopang'ono. Chifunga chidali m'maso mwawo. Zilembo zinkawazimiririra msanga, iwo n'kumathira chomangira timikanda tisanathe kubadwa. Naitirojeni, sipiriti ndi beseni zidalibe mlandu. A Magalasi adalowa akuimba mluzu n'kufunsa za makina osokera aja, ndipo Anamikanda adayankha monga mwa masiku onse kuti wogula akufunabe chonyamulira.

Kuti timvetse chifukwa chake adakhala chete, tiyenera kupita kunyumba kwawo. Amuna awo adayendetsa basi zaka 29. Tsiku lina kudepoti kudabwera oyeza maso, ndipo madzulo a tsiku lomwelo bamboyo adabwerera kunyumba atanyamula jekete ndi fulasiki yawo m'jumbo. Papita zaka zisanu ndi chimodzi. Amakhala pakhonde, kudyetsa nkhunda zawo, ndipo basi ikamadutsa mumsewu waukulu amatchula vuto la injini yake pongomva kulira. Anamikanda adaona ndi maso awo momwe munthu wamphamvu amafotera akamuchotsa pampando wake. Ankadziwanso zimene kalata yawo ya ntchito imanena. Wotsuka mabotolo wa zaka 57, wa maso ofooka, pakati pa magalasi osweka ndi mankhwala oyaka moto, si munthu amene fakitale ingavutike kumusunga.

Ndiye adayamba kuba nthawi. Zilembo zikazimirira ankakhalabe chiweramire ngati akuwerenga, akuwerengera mumtima mphindi zisanu, kenaka n'kuthira. Mphika wa 421 udatuluka bwino, ndipo Adokotala adati mwina lidali vuto la sipiriti. Anamikanda adapuma mpweya wabwino masiku anayi okha. Wa 422 udalephera. Adawonjezera mphindi zina ziwiri, wa 423 n'kumangika kunja kokha. Diso silinkafooka mofanana tsiku lililonse. Kukawala dzuwa pawindo zinthu zinkaipiraipira, kukachita mitambo zinkakhalako bwino. Munthu amene kwa zaka 18 sadaphonyepo adayamba kulota manambala ngati wotchova njuga. Ankafika ku ntchito anzawo asanabwere kuti aloweze pamene chilichonse chili. Ankatsika masitepe atagwira chitsulo cha m'mbali, akunamizira bondo. Chakudya chidasiya kukoma.

Amuna awo adaziona kalekale. Lamlungu lina m'mawa, akumwa tiyi pakhonde, adawayang'ana akuthira shuga pambali pa kapu. Adadikira mpaka supuni yachiwiri.

"Mayi, nyerere zikuthokozani, koma kapu ili uku."

Anamikanda adati ndi tulo. Bamboyo adapukusa mutu, n'kuwauza zimene adali asanawauzepo: kuti oyeza maso asanabwere, iwo adayendetsa basi miyezi isanu ndi itatu akuona zikwangwani ngati zili pansi pa madzi. Ankadalira kuloweza msewu. Tsiku lililonse ankatsika m'basi malaya atanyowa ndi thukuta, kunja kukuzizira.

"Tsiku limene adandigwira ndidakwiya, inu mukudziwa. Koma mtima udakhala pansi. Yanuyo ndi basi yagalasi, mayi, koma anthu akweramo."

"Ndiye mukufuna tizikhala pakhonde pano awiriwiri, kumafunsana kuti wadutsa uja ndani?"

"Nkhunda zilipo zambiri, tigawana," adatero bamboyo, koma palibe adaseka.

Lolemba lake Anamikanda adapita ku ntchito atatsimikiza kukanena. Adafika pakhomo pa ofesi ya Adokotala, n'kumva akulankhula pa foni ndi a kampani yogula ija, mawu ali ofatsa mopitirira muyeso, ndipo adabwerera. Lachitatu adafikanso, n'kungopempha magolovesi atsopano. Sabata idatha choncho, inzake n'kutsatira.

Pofika pakati pa Ogasiti Adokotala adali atatsala ndi chinthu chimodzi chokha pa mndandanda wawo, katsukidwe ka sitairini. Mankhwalawo amabwera ndi kamankhwala kena kowaletsa kuuma m'njira, ndipo a Magalasi amakachotsa powasefa mu chubu chagalasi chodzaza ufa. Adokotala adaganiza kuti kakutsalira. Adawauza kuti asefe kawiri, kenaka katatu. Mphika wa 427 utalephera, adawaitanira mu ofesi n'kutseka chitseko. A Magalasi adatuluka ndi envelopu yoyera, ya chenjezo, n'kuiika m'thumba la gawuni osaipinda.

Kuyambira tsiku limenelo mluzu udatha mu labu. M'mawa mwake sadafunse za makina osokera. Pa nthawi ya nkhomaliro Anamikanda adawapeza ali pasinki, akutsuka chubu chija kachitatu, akuchiyang'ana pa kuwala ngati chiwauza kanthu.

"Achemwali, mwina ndakalamba," adatero osatembenuka. "Ndimachita monga ndakhala ndikuchitira, koma manja awa sindikuwakhulupiriranso. Mukandiona ndikulakwitsa muzindiuza, musamandimvere chisoni."

Anamikanda adagwira m'mphepete mwa tebulo. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo apa chitseko ankachitsekula ndi munthu amene m'mimba mwake mudalibe kanthu. Anamikanda adapita kukakonza botolo la mphika wa 428, ndipo adataya sipiriti pang'ono, zimene adali asanachitepo.

Kunena ndi pakamwa kudawakanika, ndiye adasankha njira ya ntchito yawo. Botolo litakonzeka adapita kukaitana Adokotala ndi a Magalasi, n'kuwapempha kuti akhale nawo patsogolo pa beseni. Adati aliyense ayang'ane mzere womaliza wa kapepala, ndipo amene waleka kuuwerenga akweze dzanja. Adokotala adafunsa kuti n'chifukwa chiyani, iwo adangoti muona. Adamiza botolo n'kuyambitsa wotchi.

Adakhala mitu itatu pamodzi, kotakasira kakulira pang'onopang'ono. Pa mphindi yachisanu ndi chiwiri kautsi kadayamba. Anamikanda adayesetsa kuugwira mzere uja ndi maso, koma udawapulumuka chilembo ndi chilembo, kuyambira kumapeto. Pa mphindi yachisanu ndi chinayi padalibenso kanthu. Adadziwa kuti akhoza kudikira, monga adachitira masabata onsewo, mpaka wina ayambe. Adakweza dzanja.

Awiri aja adapitiriza kuyang'ana m'botolo, ndipo Anamikanda adakhala dzanja lili m'mwamba ngati mwana wasukulu amene aphunzitsi akumunyalanyaza. Phewa lidayamba kuwawa. Pa mphindi ya khumi ndi zitatu a Magalasi adawerenga motsitsa mawu, osachita nthabwala, ngati akudziwerengera okha: "Wogula abwere ndi chonyamulira chake." Adakweza dzanja lawo pa mphindi ya 17, Adokotala pa mphindi ya 18. Adokotala adatenga sirinji ya chomangira n'kuthira okha.

Atatha adatembenuka. Sadakweze mawu.

"Amayi, mwadziwa liti?"

"Kumayambiriro kwa Julayi."

"Masabata asanu ndi limodzi. Ndipo envelopu ija mudaiona ikutuluka mu ofesi mwanga."

"Ndidaiona."

A Magalasi adavula magalasi awo okhuthala aja, n'kuwapukuta nthawi yaitali. Kenaka adatulutsa envelopu m'thumba, n'kuiika patebulo pakati pa amayi awiriwo, n'kutuluka. Sadamenyetse chitseko, ndipo Anamikanda akadakonda akadatero.

Mphika wa 428 udatuluka wofanana kuposa yonse ya chaka chimenecho. Adokotala adauthamangitsira ku kampani ija pamodzi ndi kalata yofotokoza gwero la vuto, ndipo a kampaniwo adavomera kudikira mpaka Disembala kuti aone ngati miphika isanu ndi umodzi yotsatizana ituluke bwino. Chenjezo la a Magalasi lidafafanizidwa, Adokotala n'kuwapepesa pamaso pa onse. Lina lidalembedwa m'malo mwake, la Anamikanda. Silidanene za maso. Lidanena za kubisa, ndipo iwo adasaina osatsutsa liwu ndi limodzi lomwe.

Kuchipatala cha maso adawauza kuti ndi ng'ala, m'maso onse awiri, lamanzere ndilo lidakhwima kwambiri. Dokotala wa kumeneko adati ndi opaleshoni ya kanthawi kochepa imene amachita tsiku ndi tsiku, ndipo adadabwa kuti adachedweranji. Amuna awo, amene adawaperekeza atavala jekete yawo ya kudepoti ija, adamuyankha kuti m'banja mwawo kuchedwa n'kwa kumtundu.

A Magalasi adakhala pafupifupi miyezi iwiri akungopereka moni wa pakamwa. Anamikanda adawapepesa kawiri, iwo n'kumangoti zamveka. Tsiku limene Anamikanda ankatsanzika kuti akupita ku opaleshoni, bamboyo adawapeza pamasitepe n'kuwagwira chigongono mpaka pansi.

"Mukawauze akuikeni diso labwino, achemwali. Ine ndatopa kuwerenga za makina a eni ake."

Chimene chikuwasowetsa mtendere Anamikanda tsopano adayamba kuchiona chili pa shelefu ya mu ofesi ya Adokotala. Ndi kabokosi kokhala ndi kanyali mbali ina ndi kachipangizo koyeza kuwala mbali inayo. Akakamangirira pa beseni, kazidzanena ndi nambala kuti chifunga chafika pati, ndipo kalibe ng'ala. Adokotala adawauza mosabisa kuti labu singadalirenso diso la munthu mmodzi, ngakhale litakhala lakuthwa bwanji, ndipo kuti kulakwa kudali kwa onse amene adalola zimenezo kwa zaka 18. Adawonjeza kuti kabokosiko sikadziwa nambala yoyenera mpaka wina akaphunzitse, mphika ndi mphika, ndipo kuti wodziwa nthawi yake kuposa onse ndi Anamikanda. Anamikanda adamva mbali zonse ziwiri za mawuwo. Akuphunzitsa chinthu chimene chidzakhale pampando wawo. Adafunsa kuti kakadzaphunzira iwo adzatani, ndipo Adokotala adayankha kuti nkhani ya kalata yawo ya ntchito adaipititsa kwa abwana aakulu, yankho silinabwere.

Diso lamanzere adalichita opaleshoni pa 14 Okutobala 2024, ndipo adabwerera ku ntchito patatha masabata atatu. Ndi diso limenelo mzere uja amauwerenga nthawi yaitali kuposa a Magalasi, nthawi zina kuposanso Adokotala, moti sakudziwa ngati diso lawo lakale lidaonapo chonchi. Patsogolo pa beseni pamakhala mipando itatu, ndipo chomangira chimathiridwa dzanja lachiwiri likakwera. Pa miphika isanu ndi umodzi imene kampani ija idapempha, inayi yatuluka bwino, iwiri sinaphikidwe. Diso lamanja likudikira tsiku lake mu Januwale. Kapepala kakadali kuseri kwa beseni, kabokosi kamangidwa pambali pake, ndipo kalata ya Anamikanda ikunenabe kuti iwo ndi wotsuka mabotolo.